Mwana wa Kutchalitchi ndi wa Kumzikiti M'kalasi Imodzi

Ku Malawi sukulu inabwera m'thumba limodzi ndi Baibulo. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901. Paliponse pamene ankamanga tchalitchi ankatsegulaponso sukulu, ndipo mwana wophunzira kuwerenga ankalowezanso katekisimu wa mpingo umenewo. Boma la atsamunda linadzatsegula dipatimenti ya zamaphunziro mu 1926, patatha zaka zoposa 50 mipingo ikuphunzitsa ana mmene inkafunira. Ndayambira pamenepa chifukwa mikangano yathu ya masiku ano yokhudza amene ayenera kuphunzitsa mwana makhalidwe inamera pa nthaka imeneyi.

Amishoniwo anapeza Chisilamu chitafika kale. Ku Nkhotakota kunali Jumbe, ndipo patapita zaka zochepa mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda anachilandira. Makolo achisilamu ankaopa kuti mwana wopita kusukulu ya mishoni ali Yusufu adzabwerako ali Yosefe, atabatizidwa. Ambiri anasankha kuti ana awo azingopita kumadirasa, kumene ankaphunzira Kurani ndi adabu. Chikhulupiriro anachisunga, koma mibadwo ingapo inasemphana ndi ntchito za uphunzitsi, ukalaliki ndi zachipatala. Mantha a makolowo anali ndi maziko, ndipo chilonda chake sichinapole msanga.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1990. Mu 1992, maepiskopi a Chikatolika atalemba kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, PAC mwachidule, momwe atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anakhala pa tebulo limodzi. Mu 1994 dziko linasankha Bakili Muluzi, Msilamu, kukhala mtsogoleri, ndipo chaka chomwecho sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Ana a zipembedzo zonse anakhamukira m'makalasi. Funso linali loonekeratu: kodi onsewa azimva za Baibulo lokha?

Mu 2000 Unduna wa Zamaphunziro unayankha pobweretsa phunziro la Religious and Moral Education m'sukulu za sekondale, kuti lilowe m'malo mwa Bible Knowledge. Phunziro latsopanoli linkakamba za Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo, pamodzi ndi nkhani za makhalidwe. Mipingo inakana kwamtuwagalu. Inadandaula kuti sinafunsidwe mokwanira pamene sukulu zambiri ndi zake, ndipo ena anafika ponena kuti boma likulowetsa Chisilamu mwakabisira. Muluzi anaimitsa phunzirolo, ndipo nkhaniyo inapita ku zokambirana za mbali zonse. Chimene anagwirizana n'chakuti maphunziro onse awiri akhalepo, kuti pakhale kusankha.

Mgwirizano umenewu unazimitsa moto, koma ine ndimauona ngati kugawana nyumba pofuna kupewa ndewu. Ana amene akanaphunzira limodzi za kunena zoona, kulemekeza akulu ndi kusamalira amasiye anapatsidwa mabuku awiri osiyana. Komabe sindiimba mlandu mipingo yokha. Phunziro la 2000 linali ndi cholinga chabwino, koma linafika ngati lamulo lochokera kumwamba, kwa anthu amene anamanga sukuluzo ndi njerwa zoumba okha.

Anzathu a ku Zambia anadzera njira ina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mu ulamuliro wa Kenneth Kaunda, Akatolika ndi mipingo ina anagwirizana za silabasi imodzi ya ku pulayimale, m'malo moti mpingo uliwonse uziphunzitsa katekisimu wake. Ndondomeko yokonzanso maphunziro ya 1977 inatsegula khomo kwambiri, moti ana anayamba kumva za Chisilamu, Chihindu ndi zikhulupiriro za makolo pambali pa Chikhristu. Kumeneko nakonso kumvana sikunali kwathunthu, pakuti m'makalasi omaliza a sekondale munakhala masilabasi awiri, 2044 ndi 2046, wachiwiriyu wotsamira kwambiri pa Baibulo. Koma eni zipembedzo anali nawo pa ntchito yolemba, choncho kusiyanako sikunafike poti mtsogoleri wa dziko achite kulowererapo.

Ku Malawi phunziro limeneli tinaliphunzira mowawa. Mu 2019, pa sukulu ina ya mpingo wa Anglican m'boma la Balaka, mkangano woti atsikana achisilamu avale hijabu kapena ayi unasanduka ziwawa. Anthu anavulala, nyumba zopemphereramo zinaonongedwa, ndipo ana anakhala pakhomo sukulu itatsekedwa. Ana amene mbali zonse zinkati zikuwateteza ndi amene anataya masiku a sukulu, ndipo anaona ndi maso awo akuluakulu opemphera akugendana. Palibe silabasi imene ingafufute msanga phunziro lotere.

Bungwe la PAC linaitana mbali ziwirizo kuti zikambirane. Mu June 2021 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu anasaina mgwirizano wolola atsikana kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Shehe sanasinthe zimene amakhulupirira za Yesu, ndipo m'busa sanasinthe zimene amakhulupirira za Muhammad. Anangomvana pa kanthu kamodzi kooneka ndi maso: mtsikana uyu alowe m'kalasi mawa m'mawa.

Ndikayang'ana mbiri yonseyi, kuyambira ku Cape Maclear kufika ku Balaka, ndikuona kuti zipembedzo zimagwirizana pa za ana zikayamba ndi mwanayo, osati ndi chiphunzitso, ndiponso zikaitanidwa ntchito isanayambe. Poyambira palipo kale. Mphunzitsi wa Sande sukulu, mwalimu wa kumadirasa ndi nankungwi wa kumudzi onse amaletsa kuba, kunama ndi kunyoza makolo, ngakhale kuti zifukwa zimene amapereka n'zosiyana. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsiku limene akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi adzakonzenso phunziro la makhalidwe, ndikufuna anthu atatu amenewa adzakhale nawo m'chipindamo tsamba loyamba lisanalembedwe.