Mbiri ya mahedifoni: momwe besi inalowera m'khutu

Sabata ino tiyeni tipume kaye pa ndakatulo ndi nthano, tikambirane za kachinthu kamene ambirife timayenda nako m'thumba kapena m'khosi osadziwa komwe kanachokera: mahedifoni. Mukakwera minibasi m'mawa, tawerengani anthu amene ali ndi tinthambo m'makutu. Ambiri mwa iwo akumvera amapiano, house, kapena nyimbo zina zomwe ng'oma zake sanaombe munthu ndi manja, zinachita kupangidwa pa makina. Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo yomwe inakugwedezani chifuwa ku ukwati Loweruka, mukaimvera pa mahedifoni a pa benchi imamveka ngati mwana akumenya chitini? Yankho lake lili m'mbiri, ndipo mukaidziwa mbiriyo simudzagulanso mwachimbulimbuli.

Dziwani kaye kuti mahedifoni sanapangidwire nyimbo zovina. Anachokera ku telefoni. M'chaka cha 1881, pa chionetsero cha zamagetsi ku Paris, Clément Ader anakoka mawaya kuchokera ku nyumba ya zisudzo, ndipo anthu ankamvera oimba ali kutali, ataika cholandirira mawu khutu lililonse. Ku London, kuyambira 1895, kampani ya Electrophone inkalipiritsa anthu opeza bwino kuti azimvera zisudzo ndi mapemphero a ku tchalitchi ali phee m'nyumba zawo. Kenako mu 1910, Nathaniel Baldwin wa ku Utah m'dziko la America anapanga mahedifoni pa tebulo la kukhitchini kwake, ndipo asilikali apamadzi a dzikolo atawayesa anaitanitsa 100. Iwo sankafuna kuvina ayi. Ankafuna kumva bwino mauthenga a pa wayilesi.

Apa pali mfundo yofunika kuigwira. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo akatswiri amawerenga kuti mpweyawo wanjenjemera kangati pa sekondi imodzi, n'kumalemba kuti Hz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Telefoni yakale inkangonyamula kuyambira 300 mpaka 3,400 Hz basi, chifukwa ndi pomwe mawu a munthu amamvekera. Besi ija imagunda pamtima ili pansi kwambiri, cha m'ma 60 Hz kutsika m'munsi. Ndiye mukuona kuti makolo a mahedifoni athu analibiretu nayo ntchito.

Nyimbo zinalowa pang'onopang'ono. Mu 1937, kampani ya Eugen Beyer ku Berlin inatulutsa DT 48, momwe maginito ndi kawaya kokulunga zimagwedeza kachikopa kopyapyala. Njira yomweyo ndi imene ili m'mahedifoni ambiri mpaka lero. Mu 1958, John Koss wa ku Milwaukee anagulitsa mahedifoni a sitiriyo opangidwira nyimbo, khutu lililonse kumamva mbali yake. Mu 1968, kampani ya ku Germany ya Sennheiser inabweretsa HD 414, otsegula kumbuyo. Kuyambira pamenepo pali mitundu iwiri. Otsegula amamveka mopepuka ngati muli panja, koma nyimbo imatayikira kwa anzanu ndipo phokoso la kunja limalowa. Otseka amasunga mawu m'kati n'kutchinga phokoso.

Pamene zonsezi zinkachitika, nyimbo za makina zinkakulira kwina. Gulu la Kraftwerk la ku Düsseldorf linatulutsa chimbale cha Autobahn mu 1974. Mu 1980, kampani ya ku Japan ya Roland inapanga makina oomba ng'oma otchedwa TR-808. Oimba ambiri anawanyoza, ati sakumveka ngati ng'oma zenizeni, ndipo pofika 1983 kampaniyo inasiya kuwapanga atangokwana pafupifupi 12,000. Ife a kumsika timadziwa zimene zimachitika katundu akakanidwa ndi mabwana: amatsika mtengo n'kugwera m'manja mwa osauka, ngati kaunjika. Achinyamata akuda a m'mizinda ya America anagula makina ngati amenewa motchipa, n'kupeza kuti ng'oma yake yaikulu imatsika pansi kuposa ng'oma ya chikopa. Ku Chicago, Frankie Knuckles ankavinitsa anthu pa kalabu ya Warehouse kuyambira 1977, ndipo ambiri amati dzina loti house linachokera pamenepo. Ku Detroit, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson anayambitsa techno. Nyimbo zimenezi anazipangira zimasipika zikuluzikulu za m'holo, momwe besi simangomveka m'khutu, imagundanso m'nthiti ndi m'mimba.

Amene anayamba kukumanitsa mbali ziwirizi ndi ma DJ. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Francis Grasso wa ku New York ankamvera mbale yotsatira pa hedifoni pomwe ina ikulira m'holo, kuti alumikize kugunda kwa nyimbo ziwirizo anthu osasiya kuvina. Mesa mumawaona ma DJ atapanikiza hedifoni ndi phewa? Mwambo umenewo ndi wakalekale. Munthu wotere amafuna mahedifoni otseka, oti phokoso la m'holo lisamusokoneze. Mu 1988 Sennheiser inatulutsa HD 25, yopangidwira antchito a pa wayilesi ndi ojambula mafilimu, ndipo mtundu wina wa yomweyo unkapatsidwa kwa okwera ndege yaphokoso ija ya Concorde. Ma DJ anaitengera pamenepo, mpaka pano akuigwiritsabe ntchito.

Ife anthu wamba tinalowa nawo pa 1 July 1979, tsiku lomwe Sony inayamba kugulitsa Walkman ku Japan. Nyimbo inatuluka m'nyumba n'kuyamba kuyenda mumsewu. Mu 2001 Apple inatulutsa iPod ndi timaiyafoni toyera tongokhala pakhomo pa khutu osatseka, ndiye besi inkangotha ngati madzi a m'ndowa yobooka. Dr. Dre ndi mnzake Jimmy Iovine, anthu odziwa bwino za mu situdiyo, sanakondwe kuti achinyamata azimvera ntchito yawo mwa njira imeneyo. Mu 2008 anatulutsa mahedifoni a Beats, a besi yambiri, ndipo anagulidwa kwambiri moti mu 2014 Apple inagula kampaniyo pa madola 3 biliyoni. Kuchokera nthawi imeneyo, pafupifupi katoni iliyonse ya mahedifoni imadzitama ndi besi. Mu 2016 Apple inachotsa kabowo kolumikizira nthambo pa iPhone 7, makampani ena n'kutsatira, ndipo Bluetooth inafalikira paliponse.

Mbiriyi yatifika kuno kudzera ku Joni. Amapiano anabadwira m'makomboni a Johannesburg ndi Pretoria m'zaka za m'ma 2010, ndipo lero akulira m'mabala, m'maukwati ndi m'mafoni kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Mtima wa nyimbo zimenezi ndi log drum, ng'oma yopangidwa pa kompyuta, imene imagunda komanso kuimba nthawi yomweyo, kukwera n'kutsika ngati gitala ya besi. Mahedifoni ofooka amakupatsani kugunda kokha, kuimbako n'kusowa. Ena amakupatsani chimkokomo chokhachokha, osadziwa kuti ng'oma yathera pati ndipo ina yayambira pati.

Tsono pogula muziyang'ana chiyani? Choyamba, kutseka. Sipika yaikulu imapanga besi pokankha mpweya wambiri. Kaiyafoni kakang'ono sikangathe zimenezo pokhapokha katatseka khutu bwinobwino, kuti kazingokankha kampweya kochepa kotsekeredwa m'katimo. N'chifukwa chake maiyafoni abwino amabwera ndi timalabala ta masaizi atatu. Musataye tinato, yesani tonse. Nthawi zambiri munthu amati wagula zabodza pomwe vuto ndi kalabala kochepa. Ngati mukufuna ovala pamutu ndipo mumakhala pa phokoso ngati la kumsika kapena ku depoti, tengani otseka ngati a ma DJ aja.

Chachiwiri, kuchuluka kwa besi si ubwino wa besi. Ili ngati mchere m'ndiwo, ukachuluka simumvanso tomato kapena anyezi. Pitani ndi foni yanu komanso nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, muiike pa voliyumu ya pakati. Kodi mungathe kung'ung'udza motsatira log drum? Maseche aja akumveka? Mawu a woimba mukuwamva onse? Makutu onse awiri akulira mofanana? Ndikukuuzani ngati munthu wogulitsa malonda: amene amakhulupirira katundu wake sakana kuti muyese. Amene akuti katoni isatsegulidwe mpaka mulipire, mutsanzikeni mwaulemu.

Chachitatu, musamakomedwe ndi zolemba pa katoni. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mawu oti 20 Hz mpaka 20,000 Hz amalemba aliyense, olo pa mahedifoni a mtengo wa kabichi, ndipo sakuuzani kuti besiyo ikumveka mwamphamvu bwanji. Dzina lotchuka pa mtengo wa ndiwo za tsiku limodzi ndi utoto chabe. Bola dzina losadziwika lomwe mwaliyesa nokha. Nambala yothandizadi ndi ya ma ohm. Pa foni, 16 mpaka 32 ndi yabwino. A 250 ndi a mu situdiyo, amafuna ampu, ndipo pa foni amangonong'ona.

Chachinayi, a nthambo kapena a Bluetooth? Ndalama mukalipira zofanana, za Bluetooth zimagawikana, zina ku batire, zina ku zolandirira mawu, zotsala ndiye ku sipika. A nthambo safuna kutchaja, ndipo magetsi akazima masiku awiri iwo amangolirabe. Amene mukuphunzira u DJ kapena kupanga mabiti, dziwaninso kuti Bluetooth imachedwetsako mawu pang'ono, zokwanira kukusokonezani. Kungoti musanagule a nthambo, onani kaye ngati foni yanu ili ndi kabowo kake, komanso ngati nthambo ili yolimba pafupi ndi pulagi, pakuti ndi pomwe imayambira kuduka.

Chomaliza ndi chachikulu kuposa zonse, ndipo si cha ndalama. Mahedifoni akakhala opanda besi kapena osatseka, dzanja limathamangira kukweza voliyumu. Besiyo sibwerabe, chimene chimakwera ndi mawu akuthwa aja. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati titsitsi, tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala mawu amene ubongo umamva. Tikafa sitimeranso, ndipo ku chipatala kulibe mankhwala otidzutsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa mlingo wa madesibelo 80, ndipo mukangowonjezera madesibelo 3, nthawiyo imadulidwa pakati. Mukavula mahedifoni n'kumamva kuti ngwiii m'khutu, thupi likukuchenjezani. Wokhala naye pafupi mu minibasi akamatsatira nawo nyimbo yanu, tsitsani. Ndipo podutsa msewu vulani khutu limodzi, poti njinga za kabaza sizidikira kuti nyimbo ithe.

Zinatenga zaka zoposa 100 kuti besi ya m'holo ikwane m'kachinthu kolowa m'khutu, ndipo ngakhale lero, kugunda kwa m'nthiti kuja palibe hedifoni ingakupatseni. Kumeneko n'kwa masipika aakulu, musakusake ndi voliyumu. Mahedifoni abwino ndi amene amakumvetsani nyimbo yonse asanafike pokuwa. Mukapita kukagula mwezi ukatha, tengani foni yanu, nyimbo imodzi yomwe mumaidziwa pamtima, ndi mphindi zisanu zoyesera. Sabata yabwino nonse.