Madzi a pansi pa mchenga: za Bambo Leonard Kamungu wa ku Msoro

Lero tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione kumene mpingo wathu unatunga madzi.

Amene munafikako ku chigwa cha Luangwa mwezi wa October mukudziwa kutentha kwake. Mitsinje ngati Lupande imasanduka mchenga wokhawokha. Mlendo amati madzi kulibe, koma amayi a kumeneko amagwada, kufukula mchenga ndi manja, kudikira pang'ono, madzi n'kuyamba kusefukira. Dziko limenelo ndi lomwe Bambo Leonard Kamungu anasankha kukatumikirako.

Kuti timvetse, tiyambire patali. Mu 1857 David Livingstone anapempha anthu a ku Cambridge kuti atumize amishoni, ndipo mpamene panabadwa UMCA. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, koma pa 31 January 1862 malungo anamutenga. Kenako kunagwa chilala ndi njala m'chigwa cha Shire, nkhondo za akapolo zili mkati, mpaka mishoni inasamukira ku Zanzibar mu 1864. Aliyense akanati chitsime chauma, basi. Koma mu 1885 ntchito inakhazikikanso pachilumba cha Likoma, n'kufalikira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Kamungu anali chipatso cha kubwereraku. Anabadwira ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota, anakaphunzira ku Kiungani ku Zanzibar, nakhala dikoni mu 1902 ndi wansembe mu 1909. Mu 1910 dayosizi ya Northern Rhodesia itayamba pansi pa Bishopu John Hine, panafunika munthu wopita kwa Akunda ku Msoro. Taganizani abale, mwana wa kunyanja, wozolowera kuona madzi tsiku lililonse, anavomera kupita kudziko la kutentha ndi kashembe. Anayenda m'midzi wapansi, kuphunzitsa, kukonzekeretsa anthu ubatizo. Anangotumikira zaka ziwiri zokha, namwalira mu February 1913. Nkhani imene inafala ndi yakuti anamuthirira poizoni.

Tikawerengera mwa bizinesi, imeneyi ndi losi: kapito yense wapita, phindu silinaoneke. Koma pitani ku Msoro lero, mukapeza tchalitchi cha St Luke's chili chiimire, Akhristu akupemphera m'chinenero chawo. Ku Zomba nako, koleji yophunzitsa ansembe imatchedwa ndi dzina lake.

Manje mufunsa kuti nanga ife zikutikhudza bwanji? Kumbukirani 2024. Mvula inadula, chimanga chinapsa m'minda, boma linalengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri. Wogulitsa nsomba za mufiriji analira, wa saluni analira, wometa analira. Ludzu la nthawi ngati imeneyo silithera pakhosi ai. Limalowa mumtima, munthu n'kumadzuka pakati pa usiku kuwerengera nkhongole ndi ndalama za sukulu. Ena amathamangira ku kaloba, ena ku mowa, ena kwa aneneri olonjeza chuma cha msangamsanga. Onsewo ndi madzi a mchere, ukamwa ludzu limakula.

Werengani Yohane 4. Yesu anakumana ndi mayi wa ku Samariya pachitsime dzuwa lili paliwombo, Iye mwini atatopa ndipo ali ndi ludzu. Mayiyo sanalonjezedwe kuti mavuto ake atha tsiku lomwelo. Anapatsidwa madzi okhala mkati mwake. Kamungu nayenso Mulungu sanamuchotsere kutentha kwa Msoro kapena kumutalikitsira masiku, koma anamupatsa chomuimiritsa, ndipo ena anamwako.

Choncho lero musanatsegule shopu, fukulani mchenga. Werengani Salimo 42 ngakhale pafoni. Pempherani mphindi zisanu musanaitane kasitomala woyamba. Pasabata musathawe Misa chifukwa mulibe chopereka, bwerani chimanjamanja. Ndipo mnzanu wa tebulo loyandikana amene sanagulitse kanthu kuyambira m'mawa, mufunseni ngati wadya.

Ambuye akhale nanu pa malonda anu. Amen.