Ruth Gruber: mtolankhani amene anakwera sitima ya akaidi

Tikamaphunzitsa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse timakonda kuthera pa 1945, ngati kuti mfuti zitangoleka kulira aliyense anabwerera kwawo. Koma Ayuda ambiri amene anapulumuka m'misasa ya Hitler analibe kobwerera. Abale awo anaphedwa, nyumba zawo zinalandidwa. Anakhala m'misasa ya othawa kwawo ku Germany, Austria ndi Italy, ndipo ambiri ankafuna kupita ku Palestine. Boma la Britain, lomwe linkalamulira dzikolo, linkalola anthu 1,500 okha pa mwezi.

Mmodzi mwa atolankhani amene anatsatira anthuwa ndi mayi Ruth Gruber. Anabadwira ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, mu 1911, m'banja lachiyuda. Ali ndi zaka 20 zokha analandira digiri ya udokotala pa yunivesite ya Cologne ku Germany, ndipo ali komweko anamumva Hitler akulankhula pamsonkhano. Mu 1944 boma la America linawatuma kuti akaperekeze othawa nkhondo pafupifupi 1,000 pa sitima yapamadzi kuchokera ku Naples. M'njira monsemo ankakhala nawo pansi n'kumalemba zimene aliyense anakumana nazo.

Pa 18 July 1947 mayi Gruber anali padoko la Haifa, akulembera nyuzipepala ya New York Herald Tribune, pamene sitima yotchedwa Exodus 1947 inafika itaphwanyika. Inanyamula anthu oposa 4,500. Asilikali a Britain anali atailanda panyanja, ndipo anthu atatu anafa. Mayiwa anathamangira ku chilumba cha Cyprus, komwe Britain inkatsekera anthu otere m'mipanda ya waya waminga, koma a mu Exodus sanafikeko. Anawakweza m'sitima zitatu n'kuwabweza ku France, kumene anachokera.

Padoko la Port-de-Bouc anthuwo anakana kutsika. Anakhala m'sitimamo milungu itatu, kunja kukutentha. Mayi Gruber analoledwa kukwera imodzi mwa sitimazo, Runnymede Park, m'malo mwa atolankhani a ku America. Kumeneko anajambula anthu othithikana kuseri kwa waya, atakweza mbendera ya Britain yomwe anailembapo chizindikiro cha chipani cha Nazi. Chithunzicho chinatuluka m'magazini ya Life ndi m'nyuzi zambiri. Mu September anthuwo anawatsitsa mokakamiza ku Hamburg, m'dziko lomwelo limene linapha abale awo.

Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti mayiwa sanadikire kalata ya boma ali pa ofesi. Anapita kukaona okha. Pa pepala la boma anthuwo anali chiwerengero cha olowa m'dziko mozemba. Pa zithunzi zawo ndi amayi obereka ana, nkhalamba ndi anyamata.

Komabe tisaiwale funso limene timawauza ana kuti azifunsa pa umboni uliwonse: wolembayu anaima pati? Mayi Gruber anali Myuda, ndipo mtima wawo unali ndi anthu a m'sitimamo. Zimenezi sizichititsa zithunzi zawo kukhala zabodza, koma kamera imaona kumene mwailozetsa basi. Pa 29 November 1947 bungwe la United Nations linavomereza kugawa Palestine pawiri. Nkhondo imene inatsatira inachotsa Aluya a ku Palestine pafupifupi 700,000 m'midzi mwawo. Nkhani ya othawa kwawo amenewa tiyenera kuifunafuna kwa mboni zina. Mwana amene wamva mbali imodzi yokha sangamvetse chifukwa chake mkanganowu sunathe.

Mayi Gruber sanasiye ntchitoyi msanga. Mu 1985, ali ndi zaka zoposa 70, anapita ku Ethiopia kukalemba za Ayuda a kumeneko amene ankasamukira ku Israel. Anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 105.

Aphunzitsi anzanga, yesani izi: ikani chithunzi cha Runnymede Park pambali pa cha othawa ku Palestine cha 1948, ana afotokoze zimene akuona musanawauze mayina a anthuwo. Mukayesa mundiuze mmene zayendera.