Masiku a Kalasi

Adzukulu anga, mukamva munthu akunena kuti makolo athu sankadziwa Mulungu, mumuuze akafunse bwino. Ankamudziwa ndithu. Mvula ikagwa ankati Chauta watikumbukira, kukagunda ziphaliwali ankatchula Mphambe, mwana akabadwa ankayamika Namalenga. Kungoti Mulungu amene ankamudziwayo anali wakutali, ndipo ankadziwanso chimene chinamupititsa kutaliko.

Nkhani yake inali ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Ankati pachiyambi dziko linali louma, lopanda chamoyo, mpaka tsiku lina kumwamba kunatseguka, mvula inagwa, Chauta n'kutsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Thanthwe linali lidakali lofewa, moti mapazi awo anadindika pomwepo. Onse ankakhala mwamtendere kufikira pamene munthu anapekesa timitengo tiwiri, moto n'kubuka, tchire lonse n'kuyaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Njovu, mkango ndi anzawo analowa m'thengo ali ndi mkwiyo. Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, osabwereranso. Inaliponso nkhani ina ya imfa. Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti azifa koma n'kudzukanso, kenako anatuma buluzi ndi mawu oti akafa azifiratu. Bilimankhwe ndi kayendedwe kake kaja, buluzi anamupitirira, ndipo anthu analandira mawu a amene anayamba kufika.

N'chifukwa chake makolo, poona kuti Chauta ali kutali, ankadzera kwa mizimu, monga mmene munthu wamba amadzera kwa nduna akafuna kuonana ndi mfumu yaikulu. M'mudzi mukagwa matenda, akuluakulu ankasesa pakachisi, n'kuthira ufa ndi mowa pansi, akuomba m'manja, kutchula maina a amene anatsogola kuti akawapepesere. Chilala chikakula, mafumu ankatumiza mphatso ku Msinja kwa Makewana, mayi wopempha mvula.

Azungu a mishoni anapeza zinthu zili chomwecho. A ku Scotland, pamodzi ndi Robert Laws, anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo munthu woyamba kubatizidwa kumeneko, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Kuno kwathu amene anabwera ndi a Dutch Reformed ochokera ku South Africa. Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa ku Mvera, m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni. Kongwe inatsegulidwa mu 1894, Nkhoma mu 1896, kumene anthu a mfumu Mazengera ankakhala m'phiri poopa nkhondo. Akatolika anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Koma musaganize kuti mzungu ankafika mudzi uliwonse. Amene anayenda ndi mawu m'midzi anali anyamata athu omwe, aphunzitsi ndi alaliki, amene ankamanga kasukulu kaudzu, m'mawa kuphunzitsa a, e, i, o, u, Lamulungu n'kulalikira.

Agogo anga aakazi, obereka mayi anga, analowa kalasi pa kasukulu kotero. Kalelo ubatizo sunali wa lero ndi lero. Munthu ankayamba kalasi yaing'ono, kenako yaikulu, zaka zingapo akuloweza katekisima, mphunzitsi kufunsa funso, onse kuyankha pamodzi. Akulu a mpingo ankayang'ananso makhalidwe ake kumudzi. Zimene ndikuuzeni tsopano ndinazimva kwa agogowo.

Za chilengedwe sanakanganepo. Kuti Mulungu ndi mmodzi, kuti ndiye anapanga zonse, kuti munthu ndiye anawononga mtendere woyambawo, akuluakulu ankangogwedeza mutu, amvekere zimenezo tinazimva kale. Pamene anatchera khutu mpamene mphunzitsi anafotokoza kuti m'munda wa Edeni wothawa anali munthu, kukabisala m'mitengo, ndipo Mulungu ndiye anabwera kudzamufunafuna, kumuitana. Nkhalamba ina inadula mawu: "Aphunzitsi, bwerezaninso pamenepo. Mukuti wolakwiridwa ndiye analondola wolakwa?" Kwathu mlandu suyenda choncho. Wolakwa ndiye amanyamula nkhuku kupita kukapepesa. Mphunzitsi anati Baibulo lonse likunena nkhani yomweyo, kuyambira kwa Abrahamu, kwa Mose, kwa aneneri, mpaka Mulungu anadzabadwa yekha mwa mkazi, nakhala munthu womva njala ndi ludzu. Chauta amene ankati anapita osabwerera uja, akumva kuti anatsikanso.

Za Utatu zinawazunguza mutu. Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, atatu koma Mulungu mmodzi. Ena ankafunsa ngati Mwanayo ali ndi amalume ake, popeza kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Agogo ankaseka akakumbukira zimenezi. Ankati mphunzitsi wawo sankadzionetsa ngati wodziwa zonse. Ankangoti Mulungu wadziulula chomwecho m'Malembo, ndipo munthu sangamuzungulire Mlengi wake ndi nzeru.

Chimene chinawalasa mtima chinali chiphunzitso cha tchimo. Makolo ankadziwa kulakwa: kuba, ufiti, chigololo, kusempha miyambo. Mkazi akathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera, kapena mwamuna akayenda njira mkazi wake ali ndi pakati, ankati wina adwala mdulo. Kulakwa kunkaonekera pa zotsatira zake, ndipo kunali ndi mankhwala ake kapena chindapusa chake. M'kalasi anamva kuti njiru imene sunauze munthu, kaduka kamene wagona nako, zonsezo Mulungu amaziona, ndipo palibe wobadwa mwa mkazi amene angati ine ndilibe mlandu. Anamvanso kuti munthu yemweyo analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, kaya ndi mfumu kaya ndi kapolo wogwidwa pankhondo. Masiku amenewo nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo zinali zisanaiwalike. Agogo ankati tsiku loyamba kuona Mgonero wa Ambuye, chinawadabwitsa si mkate ayi, koma Mngoni ndi Mchewa amene makolo awo analasana, atakhala mzere umodzi, akupatsirana chikho.

Ndiye panabwera funso la nsembe. Ngati mlandu ndi waukulu chotero, ufa ndi mowa zingaufafanize? Yankho la m'kalasi linali loti nsembe yokwanira inaperekedwa kale kamodzi kokha pamtanda, ndipo anaipereka ndi Mulungu mwini. Yesu anafa m'malo mwa anthu, anaikidwa m'manda, tsiku lachitatu anauka, ndipo iye yekha ndiye mkhalapakati. Munthu sagula chipulumutso, amangochilandira mwa chikhulupiriro. Pa za kuuka kwa akufa, agogo anali ndi kanenedwe kawo. Ankati bilimankhwe uja anachedwa, koma anafika ndithu. Pamaliro a Akhristu anthu ankalira monga kale, koma ankaimbanso, ndipo achikunja ankabwera kudzaonerera anthu oimba nyimbo mtembo uli pomwepo.

Zonsezi zinkachokera m'buku, ndipo bukulo palokha linali chodabwitsa. Uthenga wapakamwa umasintha m'njira. Tsono akuluakulu ena ankayesa mphunzitsi. Ankauza mwana mmodzi kuti awerenge, kenako n'kuitana wina amene anali kudambo ndi mbuzi, kumulozera pomwepo. Mawu ankatuluka omwewo, osasiyana ngakhale pang'ono. Poyamba anali ndi timabuku ta Uthenga Wabwino, kenako Chipangano Chatsopano. Baibulo lonse, Buku Lopatulika, linatuluka mu 1922. Anatsogolera ntchitoyo ndi William Murray wa ku Mvera, mothandizana ndi amishoni ena monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, komanso anthu akuda amene ankawauza ngati mawu akumveka kapena ayi. Amuna opita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni ankalikulunga m'bulangete, ndipo kumeneko ankasonkhana Lamulungu kumawerengerana. Akatolika anadzatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene mipingo inagwirira pamodzi, ndi la 1998.

Sindikubisirani, zinalipo zowawa. Mwamuna wamitala akafuna ubatizo ankayenera kutsala ndi mkazi mmodzi, ndipo amayi ena anasiyidwa ndi ana m'manja popanda chimene analakwa. Mowa unaletsedwa. Wopita kudambwe ankadulidwa mumpingo, ndipo m'midzi ina a gule ndi a sukulu sankamwerana madzi. Chinamwali anachisandutsa chilangizo, alangizi ake n'kukhala amayi a mumpingo. Mabanja ena anagawikana, mlongo ku tchalitchi, mchimwene kudambwe. Chifukwa malamulo anali ambiri ndiponso ooneka ndi maso, anthu ena anayamba kuganiza kuti Chikhristu ndicho kusiya zinthu basi.

Akulu a mpingo ankalidziwa vuto limeneli, ndipo linkaonekera pa mayeso a ubatizo. Nyengo ya Mgonero ikafika, anthu ankayenda wapansi kupita ku mishoni, mphasa pamutu, kamba wa ufa ndi nyemba m'thumba, n'kukagona kumeneko masiku angapo. A kalasi ankalowa mmodzimmodzi pamaso pa abusa ndi akulu. Chaka chimene agogo anayesedwa panali bambo wina wachikulire wa m'mudzi mwawo, munthu wakhama, amene katekisima yense anali naye pamtima. Mkulu wina anamufunsa kuti, "Bambo, mukuyembekeza kupulumuka chifukwa chiyani?" Iye anayamba kuwerenga pa zala: mowa ndinasiya, ula sindiombezanso, zithumwa ndinatentha, chopereka sindiphonya. Mkuluyo anamusiya mpaka anatsiriza, n'kumufunsa modekha kuti, "Zonsezo mwachita ndinu. Nanga Yesu wachitapo chiyani?" Bamboyo anasowa chonena. Anamubweza kuti akakhalenso m'kalasi.

Anakwiya, anakhala kwawo miyezi osaponda kusukulu, kenako anayambiranso. Atabwereranso pamaso pa akulu, funso linali lomwelo. Ulendo uno sanawerenge pa zala. Anati, "Ndilibe cholipira mlandu wanga. Anandilipirira ndi Yesu, ndipo zimene ndinasiyazo ndi kuthokoza chabe." Anamubatiza.

Lero muli ndi matchalitchi a malata, makwaya ndi zokuzira mawu, ndipo Baibulo muli nalo mpaka m'mafoni. Koma funso la mkulu uja silinakalambe, ndipo ambiri ovala yunifomu za mpingo akanafunsidwa lero akanayamba kuwerenga pa zala. Inu adzukulu anga, mukamalowa kalasi, musathamangire setifiketi ya ubatizo. Yankho limenelo mukalipeze kaye.