The Red Pyramid

The Red Pyramid ndi buku la ana la m'Chingerezi lomwe adalemba Rick Riordan, mphunzitsi wakale wa ku Texas m'dziko la America. Lidatuluka mu 2010 ndipo ndi loyamba mwa mabuku atatu otchedwa The Kane Chronicles. Enawo ndi The Throne of Fire (2011) ndi The Serpent's Shadow (2012).

Nkhaniyi amaisimba mosinthana ana awiri apachibale, Carter Kane wa zaka 14 ndi mlongo wake Sadie wa zaka 12, amene adakula padera mayi awo atamwalira. Madzulo a tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, bambo awo a Julius, katswiri wa mbiri yakale ya Egypt, awatengera ku British Museum mumzinda wa London. Kumeneko bamboyo aphulitsa mwala wakale wotchedwa Rosetta ndi matsenga, milungu isanu nkumasuka: Osiris, Horus, Set, Isis ndi Nephthys. Set atsekera bamboyo m'bokosi la maliro, anawo nkuyamba ulendo wokawapulumutsa mothandizidwa ndi Bast, mulungu wamkazi amene adabisala mwa mphaka wa Sadie.

Milungu imeneyi sadaipeke Riordan. Anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Nile adaipembedza kwa zaka zoposa 3,000. Ankakhulupirira kuti usiku uliwonse Ra, mulungu wa dzuwa, amadutsa kumalo a akufa pa bwato, ndipo chinjoka Apophis chimamudikirira kuti chimumeze. Ankatinso munthu akamwalira, mtima wake amauyeza pa sikelo, mbali inayo ataikako nthenga ya choonadi.

Mwana wa ku Chileka kapena ku Lirangwe amayamba kumva za Egypt kutchalitchi, m'nkhani za Yosefe, Mose ndi Farao, momwe dzikolo limatchuka ndi ukapolo. Bukuli limamuonetsa mbali ina: dziko la mu Africa lokhala ndi nthano zakezake zakuya. Ndipo Apophis sangamudabwitse kwenikweni, pakuti kwathu kuno tili naye Napolo, njoka yapansi pa phiri imene akuluakulu amati ikamasamuka imagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Dzinali lidamvekanso mu Marichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy. Mlakatuli Steve Chimombo adamulembera ndakatulo Napoloyu.

Chofooka cha bukuli ndi liwiro. Nkhondo zimangotsatizana, ndipo nthabwala zake zambiri n'za moyo wa ku America, zovuta kwa mwana amene Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Koma chisoni cha ana awiri ofunafuna bambo awo chidalembedwa mogwira mtima, ndipo n'chimene chimanyamula nkhani yonse mpaka kukafika mumzinda wa Phoenix ku America, komwe Set akumanga piramidi yake yofiira mkati mwa phiri.