Mbereko ndi Maulendo a Makolo Athu

Olemba mbiri ya dziko lino, akafuna kusimba za maulendo a anthu, amakonda kuwerenga zaka zimene njanji inafika ku Blantyre, mayina a sitima zimene zinayandama pa nyanja, ndi mafumu amene anatsogolera mitundu yawo powoloka mitsinje. Koma pa maulendo onsewo panali munthu wina wamng'ono, wopanda dzina m'mabuku ndi wopanda mawu pabwalo, amene ndiye anali kulamula nthawi yonyamuka, mtengo wopumirapo ndi mudzi wogonamo. Ndikunena mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu. Khanda ndi lopepuka, ndipo likayamwa limagona. Mwana wosinkhuka amatsata akulu ndi mapazi ake, nanyamulako ngakhale kachipanda ka madzi. Koma uyu wapakatiyu, amene walemera kale pamsana chikhalirecho miyendo yake isanakhwime, amalirira kutsika akaberekedwa, nalirira kuberekedwa akangoyenda pang'ono, kotero kuti banja lonse, ndi atate ake omwe, linali kuyenda monga mwa mphamvu zake za iyeyo.

Chimene chinanyamula mwana wotereyu kuyambira kalekale ndicho mbereko. Nsalu za m'sitolo zisanadze, mbereko inali chikopa cha mbuzi kapena cha gwape, chimene anali kuchifufuta ndi kuchidzoza mafuta a nsatsi kufikira chitafewa, ndipo miyendo ya chikopacho ndiyo inali zingwe zomangira pachifuwa ndi m'chiuno mwa mayi. Ena anali kuberekera m'chiwondo, chimene amuna anali kuchisasantha kuchokera ku khungwa la mtengo wa mombo. Ndipo kunsi kwa Shire, kumene David Livingstone anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu zawozawo m'chaka cha 1859, mwana anali kugona m'nsalu yolimidwa m'munda wa atate ake. Amalonda a kugombe ndi masitolo a Mandala ndi a Amwenye atadzaza dziko ndi biriwita ndi nsalu zina zakunja, chikopa chinayamba kuchoka, kufikira chitenje chinalowa m'nyumba iliyonse, makamaka fakitale ya David Whitehead itayamba kuomba nsalu mu Blantyre m'chaka cha 1967. Koma ngakhale nsalu inasintha, kaberekedwe kake sikanasinthe konse: mayi amawerama, namkweza mwana ndi dzanja limodzi kumuika pamsana, ndipo mwanayo, wozolowera chibadwire, amadzikanikiza yekha natambasula miyendo yake m'nthiti mwa amake, nsalu ikaponyedwa, mayi amaikokera pansi pa matako a mwana, namanga mfundo pachifuwa, nadzigwedeza kawiri kuti mwana akhazikike, ndipo akalirira bere panjira, amangomsendezera kunkhwapa, ulendo uli m'kati.

Sikuti mwana aliyense anali kuloledwa kuyenda. Wobadwa kumene anali kukhala m'chikuta pamodzi ndi amake kufikira mchombo utagwa, ndipo ngakhale atatuluka, akuluakulu anali kumuyesa wozizira, woti akhoza kutsemphedwa ndi anthu otentha, mpaka makolo ake atachita mwambo wotenga mwana. Chifukwa chake sanali kumuonetsa pa misonkhano ya anthu osadziwika. Pofika msinkhu woyenda naye kutali, anali atavala kale mkuzi m'chiuno ndi mphinjiri m'khosi, zimene anakubala anali kukhulupirira kuti zimtchinjiriza ku zoipa za m'njira ndi za kwa eni. Komanso pakati pa Achewa, kumene mwamuna ndiye anali kukakhala chikamwini kwa mkazi, mayi sanali woyendayenda, pakuti amake, abale ake ndi nkhoswe yake anali pafupi. Ulendo wake waukulu unali wokaonetsa mwana kwa agogo ake a kuchimuna, kapena wa kumaliro, kapena wokapempha chakudya m'chaka cha njala. Wotengedwa chitengwa ndiye anali kuidziwa njira, popeza mtima wake unali kwawo, ndipo khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Ulendo unali kuyamba dzulo lake pamtondo ndi pamoto, pokonza kamba: chimanga chokazinga ndi mtedza za akulu, mbatata yootcha, thobwa m'chipanda, ndi kaufa kapadera ka phala la mwana, kamene sikanali kukhudzidwa ngakhale akulu atagona ndi njala. Anali kunyamuka m'bandakucha, mwana akali m'tulo, kuti adule mtunda wautali iye asanadzuke ndi kuyamba zofuna zake. Patsogolo panali bambo ndi nthungo ndi nkhwangwa. Pambuyo mayi, dengu pankhata ndi mwana kumsana. Ndipo ngati panali kamtsikana kosinkhukirako, mlezi wa mwanayo, kanali kulandira amake poberekako pamene njira yawongoka. Azungu oyamba anadzudzula amuna athu poona kuti akuyenda manja lendelende pamene mkazi wasenza zonse. Koma m'masiku amene mkango unali kubisala m'tsekera ndi achifwamba pamadooko, dzanja la mwamuna linayenera kukhala lomasuka. Chimene ine ndikudandaula nacho n'chakuti mikango itatha ndi nkhondo zitaleka, amuna ambiri anasunga mwambowo, nasiya chifukwa chake m'tchire. Ndipo kufikira lero wolemekezeka kwa ine ndi bambo amene, dzuwa likafika paliwombo, amamtenga mwana namkweza paphewa kuti msana wa mkazi wake upumeko.

Chimene chinachititsa kuti maulendo otere atheke ndicho ufulu wa midzi ya m'njira. Alendo akafika madzulo, anali kuwaperekeza kwa nyakwawa, ndipo malonje asanathe, mayi wina wa pamudzipo anali atamasula kale mwana kumsana kwa mlendoyo, namterekera phala, namsambitsa ndi madzi ofunda, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamudzi pamene mwana wa mlendo anagona ndi njala, mbiri yake inali kuipa m'dziko lonse.

Koma panali maulendo ena amene palibe mayi anawasankha. Pamene Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi m'mwezi wa Novembala chaka cha 1835, tsiku limene kunachita kadamsana, unali mtundu wathunthu umene unali kuyenda, ndipo ana amene anawoloka ali kumsana ndiwo anadzakhala madoda a ku Mzimba ndi ku Chipata. Anthu amene Angoniwo ndi ogula akapolo anawapirikitsa anathawira m'mapiri ndi m'malinga, amayi akutseka pakamwa pa ana ndi bere kuti kulira kungaulule pobisala. Choipitsitsa chinali ulendo wa m'goli. M'mwezi wa Julayi chaka cha 1861, pamudzi wa Mbame, Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84, ambiri a iwo akazi ndi ana, amene pambuyo pake anakakhala ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero. Ndipo omasulidwawo anasimba kuti panjira oyendetsa akapolo anapha khanda la mayi wina, pa chifukwa chakuti sanathe kunyamula katundu wawo ndi mwana wake pamodzi. Pa zoipa zonse za malonda aja, ichi ndicho chimandionetsa poyera mtima wake, kuti anayesa msana wa mayi malo a katundu, nayesa mwana wake cholemetsa.

M'nthawi ya Atsamunda, msonkho unatulutsa amuna m'midzi, ndipo komiti imene boma la Nyasaland linaika m'chaka cha 1935 inapeza kuti anthu okwana ngati 120,000 anali kunja kwa dziko. A Wenela anali kutenga mwamuna yekha kupita naye ku migodi ya Johannesburg, osalola mkazi kapena mwana. Koma m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia banja linali kuloledwa, ndipo akazi ambiri, poopa kuti amuna awo angasanduke machona, anamanga ana kumsana nawatsatira, ena wapansi kudzera ku Tete, akuyenda masabata m'dziko lotentha ndi losowa madzi. Amene anali ndi ndalama anali kukwera sitima ya pamtunda. Njanji inalumikiza Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre m'chaka cha 1908, koma kwa zaka zambiri apaulendo anali kutsika pa Zambezi ndi kuwoloka pa chombo, kufikira mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa m'chaka cha 1935. Kuchokera pamenepo sitima inali kupita ku Dondo, kumene anali kusintha kulowera ku Umtali ndi Salisbury. Ndipo taonani, sitima imene inapumitsa miyendo ya mayi inamubweretsera vuto latsopano, pakuti mwana amene panjira ya m'tchire anali kutsika ndi kuthamangathamanga pamthunzi, tsopano anayenera kukhala pamiyendo usana ndi usiku, pa mabenchi athabwa, m'chipinda chothithikana ndi mitolo, utsi wa malasha ukulowa pazenera, popanda pochapira kansalu kake kapena poterekera phala. Ena mwa okalamba olankhula Chichewa ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose anafika ku Southern Rhodesia motero, osadziwa kuti achoka kwawo.

Pa nyanja zinthu zinali zina. Sitima ya Vipya inamira m'mwezi wa Julayi chaka cha 1946 pafupi ndi Chitimba, nitenga miyoyo 145, ndipo mantha ake anakhala nthawi. Koma Ilala itayamba kuyenda m'chaka cha 1951, inasanduka msewu wa anthu a ku Likoma, ku Chizumulu ndi ku Usisya. M'madooko ambiri sitima imaima patali, ndipo okwera amalowa m'madzi kufikira m'chiuno kuti akafike pa bwato lowatengera kusitimako. Apo mayi amamasula mwana, nampereka kwa mwamuna amene sanamuonepo chibadwire, ndipo mwanayo amayenda m'manja m'manja pamwamba pa mitu ya anthu ndi matumba a usipa, nakafika m'sitima amake asanakwere. Palibe amene amafunsa kuti ndi wa yani.

Mabasi, amene kampani ya Nyasaland Transport inayamba kuyendetsa m'chaka cha 1947, ndi maminibasi amene anadza pambuyo pake, anatengera mwambo womwewo: mwana wokhala pamiyendo salipira, ndipo mayi wa ana awiri amapatsira mmodzi kwa mnzake wa pampando, amene amamlandira namgawira nthochi. Koma basi imathera pamene msewu wathera, ndipo kuseri kwake mbereko ikali pa ntchito yake, mwezi ndi mwezi, pa ulendo wa kusikelo. Nkhondo itakula m'Mozambique m'chaka cha 1986, anthu anayamba kukhamukira ku Nsanje, ku Mulanje, ku Ntcheu ndi ku Dedza, mpaka chiwerengero chawo chinafika pafupifupi miliyoni imodzi. Ochuluka anali amayi ndi ana, obwera wapansi monga anabwerera Alomwe m'masiku a thangata, ndipo asanamangidwe misasa, midzi ya m'malire ndiyo inawalandira, niwagawira malo ndi ufa. Mtendere utasainidwa ku Rome m'chaka cha 1992, ana amene anadza ali kumsana anabwerera kwawo akuyenda okha, ambiri a iwo atabereka azing'ono awo obadwira kuno.