Copperbelt: Chigawo cha Zambia Chomwe Chinaleredwa ndi Migodi ya Mkuwa

Copperbelt ndi chigawo cha kumpoto kwa dziko la Zambia chomwe chinachita malire ndi dziko la Democratic Republic of Congo. Likulu lake ndi Ndola, ndipo mizinda ina yodziwika ndi Kitwe, Luanshya, Mufulira, Chingola ndi Chililabombwe. Kupatula Ndola, yomwe inayamba ngati boma la atsamunda, mizinda yonseyi inamangidwa pakhomo pa mgodi. Kwa zaka pafupifupi 70, mgodi ndi umene unkapatsa anthu a m'mizindayi nyumba, madzi, mankhwala ngakhalenso masewera.

Eni nthaka a derali ndi anthu a mtundu wa Lamba. Azungu asanafike, anthu a m'derali ndi a ku Katanga ankadziwa kale kusungunula mkuwa, ndipo mitanda ya mkuwa inkagwira ntchito ngati ndalama pa malonda.

Mbiri imanena kuti m'chaka cha 1902 mzungu wina wofufuza miyala, William Collier, anawombera chilembwe pafupi ndi mtsinje wa Luanshya, ndipo pamalo pomwe nyamayo inagwera anaonapo miyala ya mkuwa. N'chifukwa chake mgodi wa ku Luanshya unatchedwa Roan Antelope, lomwe ndi dzina la nyamayi m'Chingerezi. Njanji inafika ku Ndola mu 1909, koma migodi ikuluikulu inachedwa kuyamba. Wa Roan Antelope unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana ku Kitwe mu 1932, wa Mufulira mu 1933 ndipo wa Nchanga ku Chingola mu 1939. Eni ake anali makampani awiri, Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust.

Chiyambi chinali chowawa. Ku Luanshya anthu ankamwalira kwambiri ndi malungo, ndipo mphekesera inafala yakuti mumtsinje muli njoka yaikulu yomwe ikudya antchito. Ambiri anathawa. Imfa zinachepa pamene kampani inaumitsa madambo omwe udzudzu unkaswanamo, potsatira malangizo a katswiri wa malungo, Sir Malcolm Watson.

Antchito anachokera kutali: a Bemba a kumpoto, a Lozi a kumadzulo, a Chewa, a Nsenga ndi a Ngoni a kum'mawa, komanso ena a ku Tanganyika ndi ku Nyasaland. Ambiri ankabwera kudzafuna ndalama ya msonkho. Anthu a ku Nyasaland, omwe ena mwa iwo anaphunzira pa sukulu za mishoni monga Livingstonia, ankapezeka kwambiri pa ntchito za ukalaliki. Mosiyana ndi migodi ya ku South Africa, makampani a ku Copperbelt ankalola amuna kukhala ndi akazi awo m'komboni, ndipo antchito ankalandira phoso la ufa, nyemba, nyama ndi mchere. M'makomboni amenewa, monga Wusakile ku Kitwe ndi Kantanshi ku Mufulira, Chibemba cha m'tauni chinasanduka chiyankhulo cha onse. Gule wa kalela, yemwe ovina ake ankavala zovala zachizungu zaukhondo nkumaimba nyimbo zoseka mitundu inzawo, anatchuka ku Luanshya kotero kuti katswiri J. Clyde Mitchell analemba buku lofotokoza za iye mu 1956.

Komboni inaphunzitsanso anthu kuima pamodzi. Mu May 1935 antchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala ntchito pokwiya ndi kukwera kwa msonkho, ndipo apolisi anapha anthu 6 ku Luanshya. Mu 1940 anthu 17 anafa pa sitiraka ina ku Nkana. Bungwe la antchito akuda a m'migodi linakhazikitsidwa mu 1949 motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu, ndipo linakhala limodzi mwa mabungwe amphamvu kwambiri a antchito mu Africa pa nthawiyo.

Zambia italandira ufulu wodzilamulira pa 24 October 1964, mkuwa ndiwo unali msana wa chuma chake. Mu 1969, chaka chomwe dzikolo linakumba matani oposa 700,000, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi. Mu 1982 makampani a boma anaphatikizidwa kukhala Zambia Consolidated Copper Mines (ZCCM). Kampaniyi inkayendetsa zipatala ndi sukulu, kukonza misewu, kuchotsa zinyalala ndi kupereka magetsi m'nyumba za antchito. Matimu a mpira monga Nkana, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ndi Roan United anakulira m'manja mwa migodi. Kalusha Bwalya, yemwe anasankhidwa kukhala katswiri wa mpira mu Africa mu 1988, anabadwira ku Mufulira.

Mzinda womwewo wa Mufulira sunaiwale tsiku la 25 September 1970, pamene matope a zotsalira za miyala anagumukira pansi pa mgodi ndi kupha antchito 89.

Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, migodi inayamba kusowa ndalama zogulira makina atsopano. Pofika mu 2000 dzikolo linkakumba matani pafupifupi 250,000 okha, ndipo boma la a Frederick Chiluba linamaliza kugulitsa migodi ya ZCCM m'chaka chomwecho. Eni atsopano anabwera kudzakumba mkuwa, osati kudzalera mizinda. Antchito zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Ambiri anagula nyumba zomwe ankakhalamo, koma tsopano anayenera kudzilipirira okha madzi, magetsi ndi chipatala. Ena anayamba kulima m'tchire lozungulira mizinda, kuotcha makala kapena kugulitsa malonda m'misika monga wa Chisokone ku Kitwe.

Luanshya ndiyo inamva kuwawa koposa. Mgodi wake unagulitsidwa mu 1997 kwa kampani ya Binani, ndipo patangopita zaka zitatu unagwa. Unasinthanso manja mpaka mu 2009 pamene kampani ya boma la China, China Nonferrous Metal Mining, inautenga.

Migodi ina yasinthanso eni posachedwapa. Mu 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inagula magawo 51 pa 100 alionse a Mopani, yomwe imayendetsa migodi ya Nkana ndi Mufulira, ndipo Konkola Copper Mines inabwerera m'manja mwa Vedanta. Migodi ikuluikulu yatsopano, Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel, ili m'chigawo choyandikana cha North-Western.

Zotsalira za migodi yakale zikadali pakati pa anthu. Anthu a ku Kankoyo ku Mufulira anapuma kwa zaka zambiri utsi woipa wa pa ng'anjo yosungunulira mkuwa, womwe iwo amautcha senta. Ku Kitwe kuli mulu waukulu wa zotsalira za ng'anjo wotchedwa Black Mountain, pomwe achinyamata akhala akutola miyala yogulitsa, ndipo mu June 2018 mbali ya muluwo inagumuka nkupha anthu osachepera 10. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za asidi la kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi linaphulika. Madzi oipawo analowa mumtsinje wa Kafue, nsomba zinafa, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zinapserera, ndipo mipopi ya mumzinda wa Kitwe inatsekedwa kwa masiku angapo.